Amene Walemba Mau Ndiye Wakweza Dzanjalo

Mwezi watha tinali ku Chawama pa Misa ya cikumbutso ca mkulu wina wa mu mphakati, amene anatisiya caka capita. Titabwerako ku manda, tili pansi pa tenti kudikira nsima, mdzukulu wa malemuwo, mnyamata wa Giredi 12, anatulutsa foni nati ali ndi mphatso ya ambuya ake. Anali atajambula cithunzi cakale ca malemu cimene cimakhala pa khoma, n'kucilowetsa mu makina ena a pa intaneti. Tonse tinaunjikana kuti tione. Pa foni paja nkhope ya malemu inaceuka pang'ono, maso anaphethira, milomo inamwetulira, kenaka dzanja lamanja linakwera m'mwamba n'kumagwedezeka uku ndi uku, monga acitira munthu amene ali pa windo la basi pa Intercity.

Azimai ena anagwira pakamwa, ena anayambanso kulira. Mai wamasiye anayang'ana nthawi yaitali osanena kanthu. Pambuyo pake anabweza foni nati, "Nkhope ndi yao, koma awa si ambuya ako. Zaka 46 ndakhala nao, sindinawaonepo akukwezera munthu dzanja motere. Iwo moni wao unali wa m'manja." Mnyamata uja anangoti zyoli, nayankha kuti, "Pepani ambuya, ndine ndinalemba kuti akweze dzanja. Makinawa amatsata zimene munthu walemba."

Mau a mnyamatayu ndiwo atipangitsa kulemba lero. Ife amene tinakula ndi kanema wa pa nsalu tinazolowera kuti cithunzi coyenda ndi mboni: ngati kamera yaona munthu akucita kanthu, ndiye kuti anacitadi. Nthawi imeneyo yatha. Tsopano munthu atha kukhala pa kantemba ku Kanyama, n'kulemba mizere itatu pa foni, ndipo pakapita mphindi zocepa patuluka vidiyo ya munthu akuyenda, akugwada, akulira kapena akulankhula, pamene munthuyo sanacitepo zimenezo, mwinanso sanabadwe n'komwe. Maganizo athu ndi awa, abale ndi alongo: kumbuyo kwa dzanja lililonse limene likukwera mu vidiyo yotere kuli munthu amene analemba kuti likwere. Mlandu kapena ciyamikiro ndi ca iyeyo. Ndipo ife oonera tiyenera kudziwa mmene zimacitikira, kuti tisamanamizidwe m'chalichi, ku munda ndi pa msika.

Safunsa anadya phula. Conco Loweruka lotsatira tinaitana acinyamata atatu a mu kwaya, tinakhala nao m'holo ya parishi kuti atiphunzitse ife aphunzitsi ao. Cinthuci amati AI, kutanthauza makompyuta amene aphunzitsidwa kugwira nchito zimene kale zinkafuna nzeru za munthu. Mbali ya mavidiyo ndi yaposacedwa ndithu. Mu 2022 kampani ya Meta, eni ake a Facebook, inaonetsa makina opanga timavidiyo tatifupi kucokera ku mau olembedwa. Mavidiyo a nthawi imeneyo anali oseketsa, nkhope zinkasungunuka ngati kandulo. Mu Febuluwale 2024 kampani ya OpenAI ya ku America inaonetsa makina ake a Sora, ndipo dziko linadabwa. Caka comweco Google inatulutsa Veo, ndipo kampani ya Kuaishou ya ku China inatulutsa Kling. Pofika Meyi 2025 kunabwera Veo 3, imene imaika ngakhale mau a munthu ndi phokoso la mapazi mu vidiyo. Zonsezi zacitika m'zaka zosakwana zimene mwana amatha kucokera Giredi 1 kufika Giredi 4.

Kodi amapanga bwanji? Makinawa anaonetsedwa mavidiyo miyandamiyanda, iliyonse pamodzi ndi mau ofotokoza zimene zikucitikamo, mpaka anazolowera kuti mau akutiakuti amayenda ndi maonekedwe akutiakuti. Munthu akalemba zimene afuna, makina amayamba ndi timadontho tosokonekera, ngati tija timaoneka pa TV mlongoti ukagwa ndi mphepo, ndipo amatikonza pang'onopang'ono kufikira patatuluka cithunzi cogwirizana ndi mau aja. Palibe kamera, palibe munthu amene anaimirira pamalopo. Makinawo sanagwirepo khasu kuti amve kulemera kwake, sanasenzepo ndowa ya madzi. Amangotsata zimene anaona kawirikawiri.

Kupanga cithunzi cimodzi cosayenda n'kwapafupi. Bvuto lili pa kuyenda. Kanema ndi zithunzi zambiri zotsatizana mofulumira, nthawi zambiri 24 pa sekondi imodzi. Veo 3 itangotuluka inkapanga vidiyo ya masekondi 8, ndiye kuti zithunzi 192, ndipo pa zonsezo munthu ayenera kukhala yemweyo, malaya ake omwewo, zala zake zisanu, phazi lake likuponda pansi osati kutsetsereka ngati pa matope a Januwale. N'cifukwa cake luso lalikulu pa nchito imeneyi lili pa kulemba bwino mau olamula kayendedwe, amene acinyamata amati prompt.

Pamenepa tinakumbuka ku seminare yaing'ono. Wansembe amene ankatiphunzitsa Cilatini ankatiuza kuti tikapatsidwa ciganizo cacitali tisathamangire maina, tiyambe tafunafuna mneni, cifukwa mneni ndiye anena cimene cacitika, amene wacicita ndi nthawi yake. Sitinkadziwa kuti patapita zaka pafupifupi 40 ana a mu kwaya adzatiuza zomwezo atagwira foni. Iwo akuti ukalemba kuti "mai ali ndi licero", makina akupatsa mai wongoima njo, kapena wocita zimene makinawo afuna. Uyenera kunena cimene akucita, motsatana, ndi liwiro lake. Uyenera kunena cimene cikuyenda ndi cimene cisayende. Uyeneranso kulamula kamera payokha, ngati ili pamalo amodzi, ikutsata munthu kumbuyo, kapena ikusendera pafupi, cifukwa ukaiwala zimenezi munthu ndi kamera onse amangoyendayenda ngati mbuzi zopanda mbusa.

Mmodzi wa iwo anatipatsa citsanzo. Anati kalembedwe kabwino kamakhala kotere: mai wobvala citenje wakhala pa mpando waufupi, akupeta mphale pa licero, akuiponya m'mwamba kawiri, gaga akuuluka ndi mphepo kupita kumanzere, kamera ili pamalo amodzi, kenaka ikusendera pang'onopang'ono ku manja ake, dzuwa ndi la madzulo, kumbuyo kulibe cimene cikuyenda. Anatinso kavidiyo kamodzi kamafuna nchito imodzi. Ukalemba kuti mai apete, aimirire, abereke mwana ndi kupita ku cigayo zonse pakamodzi, makina amasokonezeka, mwana amatha kusanduka licero. Nkhani yaitali imapangidwa polumikiza tizidutswa tambiri, ndipo kadutswa kalikonse amakabwereza kangapo mpaka kakhale bwino. Kubwereza kulikonse kumadya mabandulo, ndipo makina abwino kwambiri amalipiritsa m'madola.

Koma pali cina cimene tinaona ndi maso athu. Acinyamatawa amalemba m'Cingerezi, cifukwa ndico cilankhulo cimene makinawa amamva bwino. Tsono Cinyanja cathu ndi colemera pa nkhani ya kayendedwe. Munthu amayenda, amadzandira, amatsimphina, amanyang'ama, amakwawa. Katundu timasenza pamutu, mwana timabereka kumbuyo, wakhanda timamufukata. Moni wa kwa apongozi ndi wina, wa kwa mnzako wa pa mpira ndi wina. Zonsezi zikamalowa m'Cingerezi zimatsala panjira, ndipo pamene wolemba sananene, makina amadzazapo ndi zimene anaona kwambiri. Zimene anaona kwambiri ndi za ku America, ku Ulaya ndi ku China. Umu ndi mmene mkulu wa ku Katete, amene moyo wake wonse ankawomba m'manja, anapezekera akugwedeza dzanja ngati mlendo wa pa bwalo la ndege.

Tinawapempha kuti ayese za ku munda, cifukwa ambiri a ife m'makomboni muno tili ndi kamunda ku Chongwe, ku Lusaka West kapena kumudzi. Tinati atipangire mlimi akukumba maenje obzalamo cimanga ndi khasu la Chaka, monga aphunzitsira a Conservation Farming Unit. Poyamba panatuluka munthu woima cilili, atagwira cida ca mpini wautali, m'munda wa dothi lakuda bii umene sitinauonepo kuno. Atakonza mau kangapo munthu uja anawerama, koma khasu linkalowa pansi dothi osatembenuka, ndipo pena mpini unapyola m'mwendo mwake iye osamva kanthu. Mlimi wina wa mu mphakati amene anali nafe anaseka mpaka misozi, nati, "Uyu angalime kucokera m'mawa mpaka madzulo, ana ake adzagona ndi njala." Munthu amene sanagwirepo khasu akanati vidiyo ija ndi yokongola. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Apa tinaphunzira zinthu ziwiri. Coyamba, wolemba ali ndi mphamvu yaikulu, cifukwa ndiye asankha ngati munthu wa mu vidiyo agwade kapena atukwane, apereke ndalama kapena alandire. Caciwiri, zimene wasiya osalemba nazonso ndi mlandu wake, cifukwa ndiye amaona zimene zatuluka, ndipo ndiye amakanikiza batani lotumizira anthu. Makina alibe cikumbumtima. Sangapite ku kulapa. Amene ali naco ndi uja wagwira foni.

Mwina wina anganene kuti izi ndi zoseweretsa za ana. Tiyeni tikumbuke zimene zinacitikira Papa Leo XIV. Anasankhidwa pa 8 Meyi 2025, ndipo pa 12 Meyi anakumana ndi atolankhani ku Vatican. Pasanapite masiku ambiri, pa YouTube panatuluka vidiyo ya mphindi 36 yoonetsa Papa akulankhula m'Cingerezi kwa Ibrahim Traoré, mtsogoleri wa dziko la Burkina Faso, ndi mau oyamikira. Anthu ambiri mu Africa muno anaitumizirana mokondwa, ndipo inafika ngakhale m'magulu ena a WhatsApp a Akristu athu. Koma Papa sanalankhulepo mau amenewo. Munthu wina analemba mau ake, natenga zithunzi za msonkhano uja wa atolankhani, ndipo makina anayendetsa milomo ya Papa kuti igwirizane ndi zolembazo. A Vatican News anacita kulengeza poyera kuti ndi yabodza. Njira yake ndi yosiyana pang'ono ndi ija ya licero, cifukwa apa anapotoza vidiyo imene inalipo kale, koma muzu ndi umodzi: wina analemba, thupi la mnzake linayenda.

Mpingo sunakhale cete pa zimenezi. Papa Francis, amene mu 2023 anamupangira cithunzi cabodza atabvala cijasi coyera ca m'nyengo yozizira, ananena yekha mu uthenga wake wa Tsiku la Zofalitsa Nkhani wa 2024 kuti nayenso zinamucitikira. Mu Juni 2024 anakalankhula za AI kwa atsogoleri a maiko olemera a G7 ku Italy, ndipo anali Papa woyamba kupezeka pa msonkhano umenewo. Mu Januwale 2025 Vatican inatulutsa cikalata ca Antiqua et Nova, cimene mwa zina cimacenjeza za zithunzi ndi mavidiyo abodza. Papa Leo nayenso anasankha kuti mutu wa Tsiku la Zofalitsa Nkhani wa 2026 ukhale wa kusunga mau ndi nkhope za anthu. Ife a katekisimu sitifunika kupita kutali. Lamulo la cisanu ndi citatu limaletsa umboni wonama. Makolo athu ankaliphwanya ndi pakamwa, ife tikhoza kuliphwanya ndi zala. Kucititsa nkhope ya mnzako zimene sanacite, n'kuzionetsa anthu ngati zoona, ndi umboni wonama ndithu, ngakhale pakamwa pako patakhala potseka.

Alimi anzathu, nkhaniyi ikukukhudzani m'thumba. Tonse tikumbuka cilala ca 2024, pamene pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Munthu amene anaona cimanga cake cikuuma cili m'maondo amakhala wokonzeka kukhulupirira aliyense wolonjeza mbeu yosaopa dzuwa. Wonyenga lero safunika kukhala ndi munda. Angolemba kuti kamera iyende pakati pa mizere ya cimanga cobiriwira, phesi lililonse lili ndi zisononkho zinai, mlimi wacimwemwe akusenda cimodzi n'kucionetsa ku kamera. Kumapeto aikapo nambala ya foni yotumizirako ndalama. Momwemonso angapange mankhwala opha mbozi zija zinalowa m'dziko muno kumapeto kwa 2016, mbozi zikugwa pansi zokha atangopopera kamodzi. Mbeu yeniyeni imayesedwa ndi a Seed Control and Certification Institute ku Chilanga, ndipo thumba lake limakhala ndi cizindikiro. Vidiyo siyesedwa ndi munthu aliyense. Ndalama ya feteleza ikapita pa foni ya munthu wosadziwika, nyengo yonse yapita nayo.

Ife a m'makomboni tili ndi zathu. Kolera imene inayamba mu Okutobala 2023 inapha anthu oposa 700 m'dziko muno, ambiri a iwo a mu Lusaka. Bwalo la National Heroes linasanduka cipatala mu Januwale 2024, ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka Febuluwale. Ku Kanyama, ku George ndi ku Matero tinaika maliro ambiri. Tikudziwa mmene mphekesera zinkathamangira masiku amenewo, pamene zinali za pakamwa cabe. Nanga zikadzabwera ndi nkhope ya munthu wobvala coyera ngati dokotala, akugwedeza mutu motsimikiza, akutiuza kuti tisapite ku cipatala? Nanga pa nthawi ya masankho, vidiyo ikadzaonetsa wandale akulandira cikwama ca ndalama usiku, kapena Episkopi akuuza Akristu cipani coti avotere? Vidiyo yotere imapangidwa m'mphindi zocepa, imazungulira Mtendere ndi Kalingalinga yonse nsima isanapse, ndipo kukana kwa mwini wake kumafika mawa, miyala itaponyedwa kale.

Acinyamata aja anatifunsa funso labwino, ndipo tiyenera kuliyankha moona. Anati, "A katekisiti, kodi Mpingo sunagwiritse nchito zithunzi kuyambira kale? Pa khoma pali Njira ya Mtanda, ndipo palibe amene anajambula Ambuye ndi kamera." N'zoona. Ambiri a ife tinaonera pa nsalu filimu ya moyo wa Yesu ya mu 1979, imene inamasuliridwa m'Cinyanja, ndipo inatithandiza kupemphera. Pa Lacisanu Loyera acinyamata athu amacita sewero la masautso a Ambuye m'misewu ya komboni. Koma pa zonsezi palibe wonamizidwa. Aliyense adziwa kuti amene wasenza mtanda ndi mnyamata uja woumba mabuloko, ndipo amene akumukwapula ndi mnzake wa mu kwaya. Fanizo limene limadziulula kuti ndi fanizo ndi mphunzitsi wabwino. Cimene tikukana ndi fanizo lobvala zobvala za mboni.

Conco sitikunena kuti mafoni atayidwe m'cimbudzi. Mnyamata wa ku Mtendere amene alibe kamera, galimoto kapena ndalama zolipira osewera, lero atha kupangira ana a katekisimu kavidiyo ka fanizo la wofesa mbeu, kapena nkhani ya Amartiri a ku Uganda amene anaphedwa ku Namugongo mu 1886. Atha kupanga kavidiyo kophunzitsa kusamba m'manja ndi kuthira klorini m'madzi mvula isanayambe. Kuti alembe bwino ayenera kuyang'anitsitsa mmene anthu ake amayendera, amagwadira ndi kupatsana moni, ndipo kuyang'anitsitsa koteroko ndi sukulu yabwino. Koma pa zimene zifuna manja enieni, monga kukumba dzenje lobzalamo, kuyeza feteleza kapena kusakaniza madzi a mcere ndi shuga a wodwala m'mimba, foni yomweyo ili ndi kamera. Pitani mukajambule alangizi a zaulimi kapena anamwino akucita zenizeni. Ndipo sewero la Lacisanu Loyera lisafe cifukwa ca makina. Milungu ija ana amakumana kukonzekera, kukangana ndi kugwirizananso ndi imene imamanga Mpingo.

Ena akuti Boma ndilo likonze. Boma lili ndi mbali yake. Mu Novembala 2024 Unduna wa Technology and Science unakhazikitsa ndondomeko ya dziko ya AI, ndipo mu Epulo 2025 kunasainidwa malamulo awiri, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act. Malamulowa anadzetsa mkangano, cifukwa ambiri, kuphatikizapo bungwe la maloya la LAZ, anadandaula kuti angagwiritsidwe nchito kuzonda nzika ndi kutseka pakamwa anthu odzudzula. Nkhawa imeneyo ndi yomveka, ndipo sitifuna kuti dzina la kulimbana ndi mabodza likhale ndodo yomenyera olankhula zoona. Komanso wapolisi sangaime pa foni iliyonse ya mu Chawama. Makampani ena amaika cizindikiro pa mavidiyo a makina ao, koma cooneka ndi maso munthu amatha kucidula, ndipo cobisika mai wa pa msika wa Soweto alibe cocionera. Mlonda woyamba ndi cikumbumtima ca wolemba, waciwiri ndi kudekha kwa woonera.

Kwa inu ana athu amene mwaphunzira luso limeneli, tikupempha zinthu zitatu. Vidiyo iliyonse imene mwapanga ndi makina muilembe poonekera, m'Cinyanja comveka, kuti ndi yopangidwa ndi kompyuta. Musayendetse nkhope kapena milomo ya munthu weniweni iye asanalole, kaya ndi Bambo Mfumu, khansala, mphunzitsi kapena mtsikana amene anakukanani. Ndipo ngati ndi malemu, yambani mwafunsa eni maliro. Cacitatu, musanatumize onetsani munthu wamkulu amene aidziwa nchitoyo. Ngati ndi za munda, mlimi aone. Ngati ndi za cikhulupiriro, akatekisiti kapena ansembe aone. Si manyazi kuuzidwa kuti khasu lanu silikutembenuza dothi.

Kwa ife oonera, kuona maso a nkhono n'kudekha. Vidiyo ikakukwiyitsani kwambiri kapena kukukondweretsani kwambiri, imani kaye. Ionereni kaciwiri. Yang'anani zala, mapazi ngati akupondadi pansi, zilembo za pa zikwangwani za kumbuyo, zinthu zimene zikuoneka n'kusowa, ndi kudukaduka kwa cithunzi pa masekondi ocepa alionse. Koma tisadalire zizindikiro zimenezi zokha, cifukwa makina akunka nakhwima ndipo zolakwa zao zikucepa. Funso losakalamba ndi ili: wayamba nayo ndani? Ngati Papa walankhuladi, a Vatican News ndi a Radio Maria adzanena. Ngati ndi mau a Maepiskopi athu, kalata idzawerengedwa pa guwa. Ngati ndi za Boma, zidzamveka pa ZNBC ndi m'manyuzipepala. Palinso a iVerify Zambia, amene kuyambira 2021 amafufuza nkhani zokayikitsa. Ngati ndi mbeu kapena mankhwala, funsani alangizi ndipo mugule ku sitolo yodziwika imene mungabwerereko mawa. Kutumizira anzako bodza la wina ndi kuthandiza kusenza katundu wakuba.

Tikupemphanso makhonsolo a maparishi ndi atsogoleri a miphakati kuti apatule tsiku limodzi, acinyamata aonetse makolo mmene mavidiyowa amapangidwira, monga anationetsera ife. Munthu amene waona ndi maso ake mizere itatu ikusanduka munthu woyenda sanamizidwanso mosabvuta. Makolo naonso aphunzitse ana kayendedwe ka kwathu, kapatsidwe ka moni, kagwiridwe ka khasu ndi kagwadidwe ka pa maliro, kuti akamalemba akhale ndi colemba. Makopaletivi a alimi acite cimodzimodzi nthawi yogula mbeu isanafike.

Mnyamata wa ku Chawama uja tinakumana nayenso Lamulungu lapitali, titatuluka Misa yaciwiri. Anatiuza kuti anafunsa ambuya ake ngati akonze vidiyo ija kuti malemu aziomba m'manja monga ankacitira. Ambuya anakana. Anati cithunzi cibwerere pa khoma mmene cinalili, ndipo ngati afuna kudziwa mmene ambuya ake aamuna ankaperekera moni, abwere madzulo akhale pa mphasa, adzamuonetsa iwo eni. Mnyamatayo anafufuta vidiyo ija, ndipo akuti anapitadi.